Chongololo kuno, Nantchengwa uko, njovu pakati

Alamu anga a ku Kasungu anakhala nafe ku Chawama, muno mu Lusaka, sabata ziwiri. Loweruka lina tinatenga ana kupita ku Lusaka National Park, kapaki kaja kanatsegulidwa mu 2015, kukaona tiana ta njovu tamasiye timene anatisamutsira kumeneko kuchokera ku Lilayi mu 2022. Ana ankalumpha poona tinjovu tikuyamwa mabotolo, koma alamu anangoima poteropo, manja kumbuyo. Anadzayankhula tili m'galimoto: "Alamu, inu kuno mukuphunzitsa ana kuti njovu ndi khanda la botolo. Kwathu njovu ndi ija imagumula nkhokwe." Tinatsutsana mpaka nsima ya madzulo inazizira.

Ine ndine mwana wa Chongololo, sindibisa. Makalabu amenewa, ophunzitsa ana a sukulu kusamala nyama zakutchire, anayamba mu 1972 m'manja mwa bungwe limene lero ndi Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, ndipo mu 1978 anayamba kumveka pa wailesi ya boma ngati Chongololo Club of the Air. Bungwelo si la boma, koma boma ndilo linapereka makalasi, aphunzitsi ndi wailesi. Ukafika ku sekondale kalabuyo inkatchedwa Chipembele. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene ife tinkajambula zipembere m'makope, ku Luangwa mfuti zinali kuzimaliza. Mu 1998 kunalengezedwa kuti chipembere chakuda chatheratu m'Zambia, ndipo zimene zili ku North Luangwa lero zinayamba kubwera mu 2003 kuchokera ku South Africa. Ana a sukulu tinamva uthenga, koma wogula nyanga sankamvera wailesi yathu.

Alamu anaseka dzina loti Chongololo, ati kwawo ndi bongololo ndipo palibe mwana angafune kutchedwa choncho. Iwo anakulira magazini ya Nantchengwa ya bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene mizu yake inayamba mu 1947. Akuti pasukulu pawo inkabwera imodzi, n'kuzungulira kalasi yonse mpaka kung'ambika. Pa za ana a sukulu tsono maiko awiriwa ndi mapasa, kungoti ife wailesi inatifikitsa kutali.

Kusiyana kwenikweni kunabwera posachedwapa. Malawi itatopa ndi mbiri yokhala njira ya minyanga, inasintha mawu. Mu 2014 dipatimenti yoona za nyama zakutchire pamodzi ndi Lilongwe Wildlife Trust inayambitsa kampeni ya Stop Wildlife Crime. Mu 2016 anatentha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu anthu akuona. Mu 2017 lamulo linakhwimitsidwa kufika zaka 30 za ndende. Alamu akuti phunziro limene linalowadi m'mitu ya anthu si la pa chikwangwani ayi, koma la kukhoti: wailesi ikanena kuti wina wamangidwa atapezeka ndi ngaka, mawa lake pachigayo nkhani imakhala yomweyo. Apa ndinawavomereza. Kuno lamulo la 2015, lomwe linathetsa ZAWA, bungwe limene linkayang'anira nyama zakutchire, n'kubwezera ntchito ku dipatimenti ya boma, limapereka zaka zosachepera zisanu kwa wopezeka ndi ngaka kapena minyanga, koma funsani anthu khumi mu minibasi ya ku Matero muone angati akudziwa.

Pamene ife tinawaposa ndi posankha womulalikira. Kampeni ya This Is Not A Game siinalunjike kwa mlenje wa gogodela wa kumudzi. Inalunjika kwa ife a m'tauni, ogula nyama yofutsa imene imabwera m'masaka, osadziwa n'komwe ngati ndi mbawala, njati kapena china chosatchulika. Khwekhwe limatcheredwa ku Kafue chifukwa mphika ukudikira ku Lusaka. Chokhacho, dzina la kampeniyo kukoma kwake kuli m'Chingerezi, mmene mawu oti game amatanthauza masewera komanso nyama yakutchire. Amayi anga ku Lumezi ndinalephera kuwamasulira.

China chimene Zambia ili nacho ndi malo. Tili ndi mapaki 20 ndiponso madera 36 ozungulira mapaki kumene anthu amakhala pamodzi ndi nyama, ndipo kumeneko boma limaphunzitsa kudzera m'thumba: makomiti a m'midzi, ma CRB, ndi mafumu amalandira gawo la ndalama za osaka nyama ndi chilolezo. Ganizoli n'lakale, linayamba kuoneka mu 1950 pamene Mfumu Nsefu ndi Norman Carr anagwirizana kuti ndalama za alendo zizipita kwa eni dera. Ndalamazo zikafika pa nthawi yake, munthu safunanso chikwangwani chomuuza kuti nyama ndi chuma. Zikachedwa, monga makomitiwo akhala akudandaulira, a gemu amasanduka adani. Ku Malawi malo otero kulibe, munda umakathera pa waya wa paki, choncho mphunzitsi wamkulu ndi mpanda ndi khoti.

Apa alamu anaika mbale pansi n'kutchula za 2022. Mu July chaka chimenecho njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Paki ya Kasungu inatsamira malire athu, ndipo maiko awiriwa anasainirana pangano mu 2015 loti asamalire dera lonselo limodzi, kuphatikizapo paki yathu ya Lukusuzi. Njovu sizidinditsa pasipoti. Alimi a mbali zonse, ku Kasungu, ku Lumezi ndi ku Lundazi, akhala akulira za minda yodyedwa ndi maliro, ndipo lamulo la uko ngakhale la kuno silipereka chipukuta misozi njovu ikadya chimanga. Kuti ndani walakwa, akukangana ndi ena. Ine chimene chinandigwira n'chakuti maphunziro onse tinkanyadirana aja, anga ndi a alamu, palibe linakonzera mlimi usiku umenewo. Iye akufuna kudziwa mmene angaumbire ndowe ndi tsabola kuti utsi wake uthamangitse njovu, kumene angaimbe foni pakati pa usiku wina n'kuyankha, ndi chimene mwana wopita kusukulu m'mamawa achite akakumana ndi yaikazi ili ndi kamwana. Zoterezi amaphunzitsa, inde, koma mwa apo ndi apo, pamene bungwe lina lili ndi mafuta a galimoto.

Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Ndinawagulira chiponde cha It's Wild, cha alimi ogulitsa mbewu zawo ku bungwe la COMACO, ena mwa iwo alenje akale amene anapereka mfuti ndi makhwekhwe awo. Mwana wanga wamng'ono anawapatsa chithunzi chimene anajambula, kanjovu ndi botolo lake. Alamu anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchipinda bwinobwino. "Zikomo mphwanga," anatero. "Ukadzabwera ku Kasungu pa holide udzajambulenso amayi ake."