Amphumu ndi aziwengo, buku lanu la kuchipatala musamataye

Pali anthu amene amadwala, n'kuchira, koma mphamvu osabwerera. Malungo ayezedwa, palibe. Magazi ndi okwanira, shuga ali bwino, HIV ndi TB mulibe. Koma akangochapa zovala zochepa kapena kusenza ndowa imodzi kuchokera pamjigo, mawa lake ndi mkuja amangokhala chigonere, miyendo yolemera, mutu wosagwira zinthu, tulo tosatsitsimula. Kwathu kuno mlandu wotere timaugamula msanga: ndi ulesi, apo ayi pali dzanja la munthu.

Matendawa alipo ndithu. Madokotala amawatcha ME/CFS, kapena kuti matenda a kutopa kosatha, ndipo bungwe la WHO lidawaika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kale mu 1969. Mu 1955 matendawa adagwetsa ogwira ntchito pafupifupi 300 pachipatala cha Royal Free ku London, mpaka chipatalacho chidatsekedwa kwa kanthawi. Kawirikawiri amabwera m'mbuyo mwa matenda a tizilombo. Ku Dubbo, m'dziko la Australia, ofufuza adatsatira anthu amene adadwala matenda otere, ndipo mu 2006 adalengeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 aliwonse anali akadali ofooka chonchi patatha miyezi 6. Covid-19 itabwera, gulu la anthu otopa chonchi lidakula padziko lonse.

Chimene chandilembetsa ndi funso loti amagwidwa kwambiri ndani. Amayi ndiwo ambiri, kuposa abambo kutalitali. Koma palinso gulu lina limene sitiliganizira. Mu 2015 ofufuza a ku Taiwan, atafufuza m'mabuku a inshulansi ya zaumoyo ya dziko lawo, adapeza kuti anthu amene anali kale ndi mphumu, chimfine cha fumbi kapena ziwengo za pakhungu ankagwidwa ndi kutopa kosathaku kuposa anzawo. Mu 2021 ofufuza a ku yunivesite ya King's College London adapezanso kuti amphumu anali pachiopsezo chachikulu chotsala ndi zizindikiro za Covid-19 kwa nthawi yaitali. Ofufuza ambiri akuloza chala chitetezo cha m'thupi. Mwa munthu wa ziwengo chitetezochi chili ngati galu wouwa ngakhale tsamba likagwa. Wakuba weniweni akabwera n'kupita, iye amapitirizabe kuuwa mpaka nyumba yonse osagona.

Musandimve molakwa. Amphumu ambiri amadwala chimfine kapena Covid-19 n'kuchira bwinobwino. Chiopsezo chimangokwera, si chilango choti chifika basi.

Koma ndiye chifukwa chake mbiri ya thupi la munthu ndi yofunika, ndipo apa mpamene timadzipweteka tokha. Buku la kuchipatala lija timalitenga ngati tikiti yolowera pakhomo. Latayika, lanyowa ndi mvula, ladzaza, kaya taliiwala kumudzi, timangogula lina pageti n'kulowa pamzere ngati tabadwa lero. Zoti uli mwana unkabanika usiku nyengo yozizira, zoti mwezi wa Okutobala fumbi likayamba umayetsemula mpaka maso kufiira, zoti mazira kapena mtedza zimakuwenga, zonse zapita ndi buku lakale. Adokotala ali ndi mzere wofika panja, sangayambe kufunsa za ubwana wako. Akupatsa panado, mwina ndi LA ngati thupi latentha, wotsatira alowe. Ife enife sitinenanso, chifukwa timaona ngati ziwengo si matenda oyenera kutchulidwa pamaso pa dokotala.

Ine ndikuti munthu wamphumu kapena waziwengo akadwala matenda aakulu, a pabanja azimupatsa nthawi yopuma yochulukirapo, osamuthamangitsira kumunda kapena kuntchito tsiku limene malungo atsika. Makamaka amayi, amene amadzuka pamphasa n'kulunjika kukhitchini yodzaza utsi wa nkhuni, utsi womwewo umene umautsa mphumu.

Ndipo malangizo aja oti "limba mtima, uzithamanga m'mawa, thupi lizolowera" ndi oopsa kwa odwala amenewa. Chizindikiro chachikulu cha ME/CFS n'chakuti munthu akadzikakamiza, matenda amakula patapita maola 12 mpaka 48, ndipo zimatha kutenga masiku kapena masabata kuti abwerere pomwe anali. Ku Britain bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a kachizidwe, lidasiya mu 2021 kulimbikitsa njira yowonjezera masewera olimbitsa thupi pang'onopang'ono kwa odwalawa. Tsopano limati wodwala aziyeza mphamvu zake za tsikulo n'kulekeza zisanathe.

Ngati m'bale wanu watha miyezi itatu chidwalireni koma akulepherabe ntchito zimene ankagwira mosavuta, bwererani naye kuchipatala. Tengani mabuku onse, ngakhale long'ambika lija, ndipo za mphumu ndi ziwengo muzitchule nokha musanafunsidwe.