Mfuti ya malemu si mbuzi yogulitsa kuseri kwa nyumba

Ana inu ndimvereni, ndakhumudwa kwambiri. Sabata yathayi ndinali kumudzi ku Kasungu pogawa katundu wa mnzanga wakale amene tinamuika mwezi watha. Titafunsa za mfuti yake ya Brno ija, ya ku Czechoslovakia, imene ankaipukuta ndi oyilo Loweruka lililonse atakhala pakhonde, akuti mwana wawo woyamba anagulitsa kale. Kwa ndani? Dzina sakulidziwa. Munthu anangofika madzulo pa njinga yamoto, kuwerenga ndalama ali chiimire, kukulunga mfuti m'thumba la feteleza n'kumapita. Sikopu ya kampani ya Zeiss inali pamwamba ija, galasi loonera patali polozetsa mfuti, anangomuonjezera ngati banyira wa tomato. Koma abale, zoona?

Sikopu yabwino payokha imatha kuposa mtengo wa mfuti imene, nanga iwe ukupereka ulele chifukwa chani? Unafunsa ndani? Alenje akale omwe ankayenda ndi bambo ako alipo, amoyo, bwanji osapita kukagwada n'kufunsa awiri atatu kuti chinthuchi chingagulidwe bwanji? Ndipo asanagulitse akuti anayamba waikwecha ndi sandipepa n'kupaka vanishi wa mipando kuti iwale, galasi la sikopu kupukuta ndi malaya a fumbi mpaka mikwingwirima. Wodziwa mfuti amafuna ili mmene inachokera ku fakitale, amasuzumira mumpope kuona ngati muli dzimbiri, amawerenga nambala yolembedwa pa mfutiyo, za kuwalazo alibe nazo ntchito. Ena mumaisiya kudenga mvula yonse denga likudontha, ena pansi pa bedi pomwe tiana timakwawa, osayang'ana n'komwe ngati muli chipolopolo. Ena mukujambula n'kuika pa status ya WhatsApp kuti "ikugulitsidwa", mukuitana ndani usiku pakhomo panu? Ngakhale Facebook inaletsa anthu wamba kugulitsana mfuti pa tsamba lake mu 2016, inu simunamve?

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti laisensi inali ya malemu, ya iwo okha, sichoka kwa bambo kupita kwa mwana ngati khasu ayi. Lamulo la mfuti la 1967 likugwirabe ntchito. Mwini akamwalira mumapita kupolisi ndi laisensi yake ndi kalata ya imfa, kukanena, iwo akuuzeni zochita, ndipo wogula akhale ndi chilolezo chakechake. Wogula wotereyo ndi amene amapereka ndalama yooneka chifukwa sakuthawa kanthu, wobwera mumdima uja amakudulani mtengo podziwa kuti simungakadandaule kulikonse.

Tsono paki ya Kasungu ili pafupi pomwepa. Mfuti ija ikakapha njovu, kapena ikakapezeka pa chiwembu cha achifwamba pa golosale ya munthu, nambala ikaloza khomo la ndani? Chiyambire 2017 milandu ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 kundende. Mayi wamasiye uja, akadali pa chisoni, ndiye azikayankha mafunso kupolisi chifukwa cha tindalama tomwe tatha kale?

Mnyamatayo ndamuuza pamaso pa amalume ake kuti mawa m'mamawa akanene yekha kupolisi, ndipo ndimuperekeza ine. Enanu amene mukusunga mfuti za makolo anu mwakachetechete, musadikire kuti ndikupezeni. Manyazi mulibe?