Tikuwerenga mizere itatu, munda wonse osauona

Ikangofika February kulira kwake kumakhala kumodzimodzi: mvula yagwa ndi chimphepo usiku, kutacha chimanga chomwe chinali chitamasula kale chagona ngati mphasa. Ndiye timati tsoka. Tsoka lilipo ndithu, koma lina timaliitana tokha ndi nkhwangwa.

Kwathu ku Ntcheu malemu malume anabzala kesha mzere wathunthu m'malire a munda, mbali imene mphepo imalowera. Atatisiya, msuweni wanga anagwetsa yonse n'kuwotchera njerwa, ati mthunzi ukudya chimanga. Sananame ayi. Mizere itatu yoyandikana ndi mitengo ija inkabereka tizitsononkho tonga chala, aliyense wodutsa ankaona. Koma dzinja lachiwiri mitengo itapita ndinakaima ndekha m'mundamo, mapesi atathyokera m'mfundo, ena atazuka ndi mizu yomwe, chiswe chitayamba kale phwando. Tinali titabandira bwinobwino, feteleza wothira kawiri, wangongole. Mizere itatu ija anaipulumutsadi. Koma anakolola chiyani pakati pa munda?

Apa ndiye pamene timapusa. Chimene mtengo walanda chimaoneka ndi maso, chimene wateteza sichioneka. Mzere wa mitengo umafooketsa mphepo kuseri kwake mtunda wokwana pafupifupi kutalika kwa mitengoyo kakhumi. Mitengo ya mamita 8 ndiye kuti mamita 80 a munda akupuma. Timinda tathu tambirife sitifika n'komwe pamenepo.

Ndipo nkhani si kugwa kwa chimanga kokha. Amene muli ndi dimba mukudziwa mmene mwera wa June ndi July umachitira: wathirira m'mawa, pofika masana nthaka yauma gwa, maluwa a tomato ndi nyemba akuyoyoka, masamba a nthochi ang'ambika ngati nsanza. Mphepo imamwa madzi amene wasenza ndi msana wako. Ku Niger, m'chigwa cha Majjia, anthu anayamba kubzala nimu m'mizere iwiriiwiri m'zaka za m'ma 1970 chifukwa mphepo inkawakokolera dothi, ndipo zokolola za mchewere m'minda yotchingidwayo zinakwera, ngakhale mitengoyo inatenga gawo la malo olima.

Koma musangobzala chilichonse. Bulugamu m'mbali mwa chimanga ndi kudziputira njala, amayamwa madzi osasiyako. Msangu ndimaukonda, umanenepetsa nthaka, koma umayoyola masamba m'dzinja, nthawi yeniyeni imene chimanga chikufuna chotchinga. Ubzaleni m'kati mwa munda, ntchito yake ndi ina. M'malire ikani kesha kapena nimu, kutsogolo kwake mzere waufupi wa gilisidiya kapena nsenjere, chifukwa mitengo ikakula kunsi kumatsala mbee, mphepo n'kumadutsa m'miyendo. Musauthinitsenso ngati khoma la njerwa. Mphepo ikagunda chinthu chosabooka imalumpha n'kukagwa mozungulira kuseri kwake. Izidutsako pang'ono, itatopa. Ndipo mtengo umodzi ukafa bwezeranipo msanga, pampata paja mphepo imatuluka ndi ukali woposa poyamba.

Za mizere itatu ija mankhwala ake alipo: kumbani kangalande pakati pa mitengo ndi chimanga mudule mizu yolowa m'munda, nthambi muzisadza mvula isanayambe. Nkhuni mwapeza, milimo ya chigafa mwapeza.

Wina anena za namondwe wa Freddy. Ayi, za mu March 2023 zija, madzi ndi matope zikutsika m'mapiri, palibe kesha akanaletsa. Ine ndikunena mphepo ya chaka ndi chaka, yomwe siitchulidwa pa wailesi.

Chovuta chenicheni ndi anthu. Mtengo wa m'malire umabala milandu, choncho kambiranani ndi mwini munda woyandikana nanu musanakumbe dzenje, mugwirizanenso zogawana nkhuni. Kenako mbuzi. Tikangokolola zimatayiridwa, ndipo mbande yosatchingira ndi minga siiona October.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April. Akuluakulu adzabzala wawo umodzi atavala suti, kamera ikujambula. Ife a makasu, chimanga chikagwa chaka chino tisangogwira m'mutu. Tione kumene mapesi agonera, mphepo yachokera mbali inayo, ndipo maenje akumbidwe kumeneko. Anga ndayamba kale, msuweni uja akundithandiza kukumba, mwamanyazi.