Mphika wa amayi achiyuda ku Joni, ku Bulawayo ndi ku Livingstone

Amene munagwirapo ntchito m'nyumba za ku Glenhazel kapena ku Sydenham, ku Joni, mukudziwa kuti Lachisanu dzuwa lisanalowe zophika zonse zimayenera kukhala zitapsa, pakuti Sabata la Ayuda likayamba moto sakolezanso. Chimene mwina simunachione n'choti ena mwa amayi a m'nyumba zimenezi ali ndi mphika wina, wophikira anthu amene si abale awo. Mphika umenewu unalipo ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Zambia komwe, koma lero sukuwira mofanana.

Ku Joni ntchitoyi ndi yakale ngati mzinda womwewo. Golide atapezeka mu 1886, Ayuda ochokera makamaka ku Lithuania anayamba kufika, ndipo mu 1888 anakhazikitsa Chevrah Kadisha, bungwe loika maliro ndi kuthandiza osowa. Amayi anadzayambitsa bungwe lawo la dziko lonse, Union of Jewish Women, mu 1931. Bungweli limapereka chakudya cha kosher kunyumba za okalamba achiyuda amene sangathenso kudziphikira. Kosher ndiye kuti nkhumba ayi, ndipo nyama ndi mkaka sizikumana mumphika umodzi, choncho sangangogula zilizonse n'kukapereka. Koma amayi omwewa amadyetsanso ana ndi okalamba a m'makomboni monga Alexandra, amene sanapondepo m'sunagoge. Kwa ife ozolowera amayi a Mvano kapena a Dorika zimenezi si zachilendo kwenikweni, kungoti awa ali ndi ofesi, mabuku a ndalama ndi anthu olembedwa ntchito.

Mawu amene iwo amagwiritsa ntchito ndi tzedakah, ndipo tsinde lake m'Chiheberi ndi chilungamo, osati chifundo. Wopereka sakukomera mtima aliyense, akubweza chimene anayenera kubweza. Apa ndi pamene mbiri ya ku South Africa imandivuta. Nthawi ya tsankho kunali kotheka kuphikira ana a ku Alexandra phala m'mawa, madzulo n'kubwerera kudera la azungu okhaokha osatsutsa lamulo limene linasaukitsa anawo. Mabungwe akuluakulu achiyuda anakhala chete zaka zambiri. Amene anapitirira phala anali amayi ochepa ouma mutu. Helen Lieberman ankathandiza odwala ovutika kulankhula pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anayamba kulowa m'komboni ya Langa pamene boma silinkafuna mzungu kumeneko. Ntchito yake ndi amayi a m'makomboni inadzabala bungwe la Ikamva Labantu. Ina Perlman anatsogolera Operation Hunger, imene Selma Browde ndi Nthato Motlana anayambitsa mu 1980 kuti idyetse anthu akumidzi imene boma linkataya anthu akuda.

Tikawoloka Limpopo nkhani isintha, ndipo chaisintha ndi chiwerengero. Ayuda a ku South Africa anafika pafupifupi 120,000 m'zaka za m'ma 1970, ndipo ngakhale ambiri anasamuka, atsala cha m'ma 50,000, okwanira kuti mphika usazime. Ku Zimbabwe, kumene mpingo wa ku Bulawayo unayamba mu 1894, anafika cha m'ma 7,000 basi, lero atsala mazana ochepa. Achinyamata anapita ku Joni, ku Britain, ku Australia ndi ku Israel, n'kusiya makolo. Amayi amene kale ankasonkha zothandizira ena anapezeka kuti okalamba ofuna thandizo ndi iwo eni. Sunagoge wa ku Bulawayo anapsa mu 2003. Ndalama ya Zimbabwe itasanduka mapepala mu 2008, penshoni zinatha mphamvu, ndipo okhala ku Savyon Lodge, nyumba ya okalamba achiyuda mumzindawo, ankadalira chakudya ndi mankhwala ochokera kunja kudzera mwa Rabbi Moshe Silberhaft, mphunzitsi wa chipembedzo chachiyuda wa bungwe la African Jewish Congress. Chotsala chooneka ndi sukulu: Carmel ku Bulawayo ndi Sharon ku Harare, zimene lero zimaphunzitsa ana ambiri osakhala Ayuda.

Ku Zambia n'kumene kunatha msanga. Ayuda kumeneko anangofika cha m'ma 1,000 m'zaka za m'ma 1950, omwazikana ku Livingstone, ku Lusaka ndi m'matauni a migodi ya kopa. Ufulu utabwera mu 1964 ambiri anachoka. Popanda manja ophika ndi osoka, otsalawo anapereka chimene chinalipo, ndicho katundu: bungwe lawo la Council for Zambia Jewry linagulitsa malo a mpingo n'kuika ndalama pa maphunziro a zaumoyo ku Copperbelt University, ku Ndola.

Mukandifunsa njira yabwino pa zitatuzi, ndinena kuti ya ku Joni, koma sindiwatamanda kwambiri, chifukwa kuphikira anzako n'kosavuta pamene m'dera muli masunagoge, masitolo a kosher ndi atsikana oti adzalandire chikombe. Amene amandigwira mtima ndi amayi a ku Bulawayo, oti ana awo atachoka iwo anatsala, moti pamakhala wosambitsa mnzawo akamwalira, monga mwambo wawo umafunira kuti mkazi asambitsidwe ndi akazi. Njira ya ku Zambia ndi yanzeru, koma imatheka kamodzi kokha, pakuti malo ukagulitsa wagulitsa. Sunagoge wa ku Livingstone, womangidwa m'zaka za m'ma 1920, tsopano ndi tchalitchi, ndipo zotsala za mbiri ya Ayuda a mumzindawo zimasungidwa m'chipinda cha pa Railway Museum.