Gulu lakumudzi lisamadikire galimoto ya bungwe

Sabata yatha ndinali kumudzi, ndipo Lachinayi masana ndinakhala chapatali kuonerera amayi anga ndi anzawo ali pa banki mkhonde yawo patsinde pa mango. Gululi latha zaka 9 tsopano. M'mudzi momwemo munali kalabu ya alimi, komiti yosamalira nkhalango ndi gulu la achinyamata. Onsewo anazilala, chatsala ndi chikwangwani chadzimbiri pamphambano. Funso limene ndabwera nalo n'lakuti: bwanji amayiwa akadalipo pamene enawo anatha?

Maganizo anga ndi awa. Magulu amene anafawo anabadwa tsiku limene galimoto ya bungwe inafika m'mudzi. Anthu analembetsa maina chifukwa kunali malawansi, zakumwa ndi mabanzi. Pulojekiti itatha galimoto inasiya kubwera, misonkhano nayo inathera pomwepo. Sindikunyoza mabungwe ayi. Njira ya banki mkhonde yomweyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991. Koma iwo anabweretsa nzeru chabe, ndalama za m'bokosi ndi za eni ake. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye gulu lokhazikika pa mlendo lingalimbe bwanji?

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene amachitira ndi bokosi lija. Lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo amene amagona nalo m'nyumba alibe kiyi ngakhale imodzi. Likatsegulidwa, amayi awiri amayala chitenje n'kuwerenga ndalama mokweza, aliyense akumva. Pali mbale ya masheya, mbale ya thumba ladzidzidzi lothandizira matenda ndi maliro, ndi kambale ka chindapusa cha ochedwa. Potseka, wapampando amafunsa kuti, "Amayi, m'bokosi mwatsala zingati?" Onse amayankha pamodzi. Agogo ena amene sanapondeko m'kalasi anatchula chiwerengerocho osaphonya ngakhale K50. Munthu wotere sungamunamize, ndipo iye sangasiye kubwera chifukwa akudziwa kuti chake chili momwemo.

Kalabu ya alimi ija inalibe zimenezi. Ndalama zinkasungidwa m'thumba la munthu mmodzi, kabuku kali kwa yemweyo, mpando ali nawo yemweyonso chiyambire. Tsiku limene anthu anayamba kunong'onezana, gulu linali litafa kale. Chisankho chizichitika chaka ndi chaka, ngakhale mutabwezerapo omwewo. Ndipo ndinene mwaulemu: amfumu ndi abwino akakhala oweruza pamene wina wakana kubweza ngongole, osati iwonso akhale m'kaundula wa okongola. Ndani angakagogode pakhomo pawo?

Koma kukhalitsa sikukula ayi, ndipo apa mpamene ndinatsutsana ndi amayi. Chaka chilichonse mu Disembala amagawana zonse, bokosi n'kutsala mbee. Ndalamazo zimathera ku feteleza, fizi ndi Khirisimasi, Januwale akayambirenso pansi. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kutangotsala milungu yochepa kuti agawane. Thukuta la chaka chonse linagula zochepa kuposa zimene ankayembekezera. Ine ndikuti gulu lizipatula kagawo kena kosagawana, n'kukasandutsa chinthu chooneka. Mbuzi zopatsirana, zoti ikaswa mwana apite kwa membala wina. Dimba la gulu. Kugula soya kapena mtedza nthawi yokolola mitengo ili pansi, kusunga, n'kudzagulitsa pamodzi m'malo moti aliyense apite yekha kwa venda ndi kandowa kake. Ngakhale nkhokwe ya chimanga yoti mamembala azibwerekako mu Febuluwale, chifukwa mwezi umenewo ndi umene anthu amajomba misonkhano, ali ku ganyu kusaka chakudya.

Chinanso ndi achinyamata. Pagulu la amayi wamng'ono kwambiri ali ndi zaka za m'ma 40. Mlembi wawo maso ayamba kuvuta, koma m'mudzimo muli atsikana olemba Fomu 4 amene akungokhala. Mupatseni mmodzi kabuku, aphunzire pambali pa mlembi, azithandizanso za Airtel Money ndi Mpamba kwa amene akufuna kuponya sheya ali kutali. Musamuitane kuti azingotunga madzi ndi kuyala mphasa, akhale ndi mawu ndithu.

Thandizo lina lili pafupi, kungoti sitiligogodera. Mlangizi wa zaulimi salipiritsa kuti adzaphunzitse gulu kupanga manyowa a Mbeya kapena kumanga khola la mbuzi lam'mwamba. Kuli alangizi a zachitukuko cha m'midzi. Kuyambira 1998 pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsidwa, nkhani za chitukuko zimayenera kudzera ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi ya chitukuko cha m'dera (ADC), choncho gulu lizituma munthu wake kumeneko. Amene akhwima angathe kufunsa za COMSIP (bungwe lothandiza magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama), kulowa m'makalabu a NASFAM (bungwe la alimi ang'onoang'ono), kapena kulembetsa ngati kopaletivi. Pokhapa musathamange. Gulu limene likulephera kusunga kabuku kamodzi bwinobwino, satifiketi siidzalipulumutsa.

Ife ana a kumudzi amene tili ku Lilongwe, Blantyre kapena ku Joni tili ndi mbali yathu. Timatumiza ndalama pakagwa maliro, ndipo n'zoyenera. Koma ndi angati mwa ife amene anafunsapo kuti gulu la mayi athu likusowa chiyani? Nthawi zambiri si zazikulu: kaundula wachikuto cholimba, kakyuleta, sikelo yoti asamaberedwe pogulitsa, kapena nambala ya wogula mtedza wokhulupirika m'tauni muno.

Ine ndawasiyira sikelo ndi makaundula awiri. Za mbuzi sanavomere onse, ena akuopa akuba ndi matenda, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Agwirizana kuti aitane mlangizi Lachinayi likubwerali adzamve kaye mtengo wa khola ndi mankhwala asanaponye voti.