Nanga kumene kulibe mndandanda wa zakudya?

A mtolankhani, mwalemba kuti munthu akakhala yekha kunja kwa dziko azingoyatsa foni kuti imutanthauzire mndandanda wa zakudya. Nanga kumene kulibe mndandandawo? Ine ndimachoka ku Ulongwe wa ku Angónia, ku Mozambique, kukapikula zitenje ku Kariakoo, mu Dar es Salaam, kudzera pa chipata cha Calomue cholowera m'Malawi mpaka pa chipata cha Kasumulu cholowera m'Tanzania. Kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu, amene kumeneko amawatcha mama ntilie, kulibe chowerenga. Miphika ili poyera, umangoloza.

Ulendo woyamba Chiswahili sindinkachidziwa n'komwe, Chipwitikizi nacho chinalibe ntchito. Chinandipulumutsa ndi Chinyanja chathu chomwechi: nkhuku kwawo ndi kuku, madzi ndi maji, nyama ndi nyama basi. Nsima yokha ndiyo inandivuta. Ndinachita kuonetsa ndi dzanja ngati ndikuumba mbamu, mayiwo n'kumwetulira amvekere ugali.

Povuta zedi ndi pa mtengo, chifukwa mutu umawerengerabe mametikali pamene iwo akutchula mashilingi masauzande. Funsani musanadye, akulembereni nambalayo pa foni yanu.

Anzanga a ku Angónia ndi Tsangano, musamadzipatule pakona. Khalani pa benchi pamene pali anthu, muone zimene mnzanu akudya, muloze mbale yakeyo.