Foni mwagula, koma pasiwedi yake mukuidziwa?

Ana anga, lero mundilole ndikudzudzuleni. Munthu wagula foni ya ndalama zankhaninkhani, n'kuipereka kwa mnyamata wa pamsika kuti amutsegulire Gmail. Mnyamatayo walemba pasiwedi ya m'mutu mwake, mwini foni osafunsa, osailemba paliponse. Tsiku limene aisolola m'minibasi m'pamene akuyamba kulira kuti timuthandize kuilondola. Tiilondola ndi chiyani?

Chikundiwawa n'chakuti njira ilipo, yaulerenso. Ngati foni ndi ya Android, mumabwereka kompyuta kapena foni ya mnzanu, kutsegula android.com/find, n'kulowa ndi akaunti yomwe ili m'foni yotayikayo. Mapu amakuonetsani pamene ili, kapena pamene inaonekera komaliza. Mutha kuiliza kwa mphindi 5 ngakhale munaitseka mawu, kuikhoma, kapena kufufuta zonse zili m'menemo. A iPhone amalowa pa icloud.com/find. Koma zonsezi zimalira pasiwedi ya akaunti ya m'foniyo, komanso kuti Location, ija yosonyeza pamene foni ili, ikhale yoyatsa. Inu mumaizimitsa, eti batire lisathe msanga!

Ndiye zikavuta mumathamangira masamba aja a pa intaneti olonjeza kuti mungolemba nambala basi, akuuzani pamene foni ili. Amenewo ndi akuba ena. Akuonetsani kamapu kozungulirazungulira, kenako akufunani ndalama kapena pasiwedi. Uthenga wobwera pambuyo woti foni yanu yapezeka, dinani apa, nawonso ndi msampha. Musalembemo kanthu.

Chimene chikundiopsa koposa ndi ichi: mapu akangoloza malo, mumatengana ndi anzanu usiku kukagogoda pakhomo pa eni. Kadontho ka pamapu kaja sikatchula dzina la wakuba, ana inu. M'makomboni mwathu nyumba n'zothithikana, kakhoza kuloza kwa neba wosalakwa. Mwinanso amene ali nayo wangoigula osadziwa. Mukamumenya, mlandu ndi wanu. Akakhala wakuba weniweni, angakubayeni chifukwa cha foni. Jambulani mapuwo, pitani nawo kupolisi pamodzi ndi IMEI, nambala yozindikiritsa foni yanu, ndipo SIM mukaitseketse ku Airtel kapena ku TNM tsiku lomwelo, asanakutapeni za mu Airtel Money kapena Mpamba.

IMEI ija mukuidziwa? Imbani *#06# tsopano lino foni ikadali m'manja, mukopere manambala 15 amenewo m'kope la kunyumba, pasiwedi muilembe pena posiyana. Ngati pasiwediyo ili ndi mnyamata wa pamsika, isintheni lero.